Tinaika Nthochi M'malo mwa Mkazi Wanga

Zikomo pondipatsa mpata. Ndiyankhula nditaimirira pomwe pano, sindipita kutsogoloko. Ambiri mukundidziwa kale. Ena munandionapo nditagona m'ngalande ya kuseri kwa msika wa Mitundu, nsapato imodzi palibe. Kwa amene simundidziwa, ndine bambo a Takondwa. Mkazi wanga anali Tiyanjane, wa ku Nathenje. Anamwalira akugwira ntchito ya m'nyumba ku maiko a Aluya, ndipo thupi lake silinabwere.

Andiuza kuti muno muli amuna amene akazi awo ali kumeneko panopa. Muli makolo. Muli atsikana amene ajambulitsa kale zithunzi za pasipoti. Sindikuuzani kuti mukweze manja.

Ine ndinafika ku koleji, ndili ndi dipuloma ya zaulimi. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti sukulu siinanditeteze. Ntchito sinapezeke. Ndinakwatira, ndinakakhala chikamwini kwawo kwa Tiya, ndikulima munda wa apongozi ndi kuphunzitsa ana a eni ake masamu akaweruka. Feteleza atakwera, nkhokwe inayamba kutha dzinja lisanafike.

Ndiye panali mayi wina amene tonse tinkamutchula kuti Anti Joyisi. Sanali mlendo. Ankaimba kwaya imodzi ndi apongozi anga, ndipo pa maliro aliwonse ankafika woyamba ndi chidebe chake. Ankati ali ndi anthu ake mu Lilongwe opezera atsikana ntchito kunja. Kusesa, kuchapa, kulera ana, zaka ziwiri basi, ulendo wonse olipira ndi mabwana.

Tiya anandifunsa kuti, "Inu ophunziranu mukuona bwanji?"

Ndinati apite.

Atangotsika ndege anamulanda pasipoti. Foni anaibisa m'thumba la zovala zamkati, ndipo ankanditumizira mauthenga a mawu akunong'ona. Ankagwira nyumba zitatu: ya bwana, ya amayi a bwana, ndi ya mchimwene wake wa bwana. Ankagona pansi kukhitchini. Eni nyumba akamachoka ankamukhomera mkati. Atapempha kuti abwerere kwawo, anamuuza kuti anamugula.

Ndinapita kwa Anti Joyisi. Anandipatsa mpando, anandithirira thobwa, n'kundiuza kuti ntchito ya kunja ndi yotero, atsikana onse amalira miyezi yoyamba. Anati Tiya akathawa, apolisi akumeneko amugwira, ndipo mlandu wa tikiti ugwera ife. Ndinabwerera kunyumba n'kumutumizira mkazi wanga uthenga. Ndinati, pirira, amake Tako. Mawu amenewo ndinawatumiza kambirimbiri.

Kenaka foni yake inangoti zii. Patapita masabata, mtsikana wina wa dziko lina, wogwira ntchito nyumba yoyandikana, anandilembera kuti mnzake wa ku Malawi uja anamutulutsa atamufunditsa nsalu mpaka kumutu. Anandipatsanso nambala ya bwanayo. Nditaimba, munthuyo ankangoyankhula Chiarabu.

Pa Mitundu pano pali Che Amidu, a golosale ya pafupi ndi depoti, amene anaphunzira chinenerocho ali mnyamata. Ndinawapempha kuti andiimbire. Anayankhula kwa nthawi ndithu, mawu awo akunka nakwera, kenaka anadula n'kuika foniyo pa kauntala pang'onopang'ono.

"Achimwene, akuti anamuika kale."

"Kuti?"

"Sakudziwa. Ndamufunsa dzina la munthu amene ankamugwirira ntchito m'nyumba mwake. Nalonso sakulidziwa."

Kumudzi akuluakulu anagwirizana kuti tichite monga amachitira munthu akamira osapezeka. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'chitenje cha Tiya, n'kuliika m'bokosi. Bokosilo anagula ndi Anti Joyisi. Anabweretsanso ufa ndi ndiwo. Powerenga chipepeso, dzina lake linatchulidwa koyamba, anthu n'kumagwedeza mitu kuti mayi uyu ndi wachifundo.

Dzulo lake, a Jelemiya, amalume ake a Tiya, eni mbumba, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Ndinali nditawafotokozera zonse.

"Mkamwini," anatero, "maliro ano ndi athu. Inu mukhale pansi mulire. Zoyankhula mutisiyire."

Mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Mwini mbumba amaimirira n'kufotokozera mudzi mmene imfa yayendera, ndipo zimene wanenazo ndi zomwe mudzi umasunga. A Jelemiya anaimirira n'kunena kuti mwana wawo anadwala malungo aakulu, mabwana ake anayesetsa kuthamanga naye, koma Mulungu anakonda. Foni inali m'thumba la malaya anga. Ndinaweramitsa mutu monga mkamwini waulemu.

Sabata yomweyo ndinayamba kumwa. Sindikhalitsapo apa, chifukwa kugwa sikufuna luso. Ndinayamba ndi masese, ndinafika pa kachasu. Ndinagulitsa njinga, mabuku a ku koleji, mbewu, mpaka suti ya ukwati. Makolo anasiya kunditumizira ana awo. Ndinkati ndikupita ku Mitundu kukafuna ganyu, osabwerera sabata yathunthu. Takondwa, mwana wanga, anayamba kubisala kumbuyo kwa agogo ake ndikamalowa pakhomo. Tsiku lina nditakhuta kachasu ndinakagenda nyumba ya Anti Joyisi, ndikutukwana, ndikukuwa kuti ndi wogulitsa anthu. Ndinagona m'chitokosi. Mawa lake iye mwini anabwera kudzauza apolisi kuti wandikhululukira, poti ndi chisoni chabe chandisokoneza mutu. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndikananena chinali cha chidakwa. Ndinamuthandiza ndekha.

Chinthu chimodzi chokha sindinagulitse. Foni.

Chaka chitatha, tsiku la msika, ndinadzidzimuka munthu akundigunda phazi. Anali Esinati, mng'ono wake wa Tiya. Ine ndi iye tinkachitirana nthabwala zachilamu kuyambira kale.

"Alamu, dzukani. Agalu ayamba kukuyesani ndiwo."

"Wadzatani kuno?"

"Amalume akuti mubwere Loweruka akusudzuleni. Muzikamwera kwanu mwaufulu, ife tipume manyazi."

Ndinaona kuti waluka tsitsi latsopano, ndipo m'manja wanyamula chikwama chachikulu cha pa kaunjika, cha mateyala.

"Chikwamacho?"

"Ndikunyamuka sabata yamawa. Anti andipezera malo. Ndikapitirize pomwe anasiyira achemwali. Tako ayamba sukulu, ndipo bambo ake ndi awa ali m'ngalandewa."

Ndinakhala tsonga. "Esinati, usapite. Tiya sanafe ndi malungo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka phazi lopanda nsapato lija.

"Pa maliro munali pomwepo, muli bwinobwino, simunatsutse. Lero mukutsutsa kachasu ali m'kamwa. Ndimvere ndani, amalume kapena botolo?"

Ndinatulutsa foni kuti amve yekha. Inali yopanda moto. Inandipulumuka n'kugwera m'matope. Esinati sanadikire. Anakweza chikwama pa njinga ya kabaza n'kumapita.

Mtsikanayo ananena zoona. Tsiku limene ndinali ndi mutu wabwino ndinakhala chete. Tsiku limene ndinatsegula pakamwa ndinali nditaledzera.

Ndinatola foni n'kupita kwa Che Amidu kukapempha moto. Itayaka ndinamutumizira Esinati mauthenga onse a mchemwali wake. Sanatsegule ngakhale umodzi. Ndinawauza Che Amidu nkhani yonse, iwo akuyeza shuga osandiyang'ana.

"Ndiye Loweruka muli ndi bwalo," anatero.

"Bwalo lake liti? Kusudzula amayankhula ndi ankhoswe."

"Kwathu sititero, koma ndakhala pakati panu nthawi yaitali. Asanakumasuleni, sakufunsani ngati muli ndi mawu?"

Zinali zoona. Pa moyo wonse wa mkamwini m'mudzi wa eni, pali kamphindi kamodzi kokha kamene mwambo umamufunsa pagulu ngati ali ndi chonena. Aliyense amayankha kuti palibe, zikomo.

"Bodzalo linanenedwa pagulu," anatero Che Amidu. "Likachotsedwenso pagulu. Koma mukapita mukununkha, mtsikanayo wakwera ndege."

Anandigoneka m'chipinda chosungira katundu, pakati pa matumba a mchere. Masiku amenewo sindiwafotokoza onse. Ndinasanza, ndinatuluka thukuta, ndinaona zinthu zikuyenda pa khoma. Kunjenjemera kutakula ananditengera kuchipatala, kumene anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti kusiya mwadzidzidzi chotero kumatha kupha munthu. Amene mukufuna kusiya, yambirani kumeneko. Malo omwera anali pafupi moti ndinkamva mawu a anzanga akuseka. Ndikaimirira kuti ndipiteko, ndinkaona chikwama cha mateyala chija.

Loweruka ndinavala malaya obwereka n'kupita ku Nathenje ndi nkhoswe wanga.

Anayala mphasa pabwalo la apongozi. Amuna mbali ino, amayi mbali iyo. Apongozi anga, amayi ake a Tiya, anakhala chammbali, atatembenukira kwina monga mwa ulemu wathu. Chikwatirire, ine ndi iwo tinali tisanayang'anane m'maso. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mwana, kapena ankayankhula ngati akuuza khoma. Anti Joyisi analiponso, ali kumoto ndi amayi ophika, chipande chili m'manja. Esinati anakhala pakhonde, akundiyang'ana ngati akudikira kuti ndigwe.

A Jelemiya anayankhula bwino. Anati ndinasunga mwana wawo, anati imfa siona nkhope, anati mwana Takondwa ndi wa pamudzi pano koma khomo ndi lotsegula kwa bambo ake. Za kumwa kwanga sanatchule. Kenaka anafika pamene ndinkadikira.

"Tisanakumasuleni, mkamwini, mwambo umati tifunse. Pali mawu?"

Nkhoswe wanga anandigunda ndi chigongono. "Nenani kuti palibe."

Ndinati, "Alipo."

Ndinapempha mayi wina kuti atenge Takondwa apite naye kuchitsime. Ndinadikira mpaka atapota kuseri kwa nyumba. Kenaka ndinatulutsa foni n'kuiika pa mphasa.

"Mawuwo si anga. Ndi a mwana wanu. Sanafe ndi malungo, ndipo amalume mukudziwa."

A Jelemiya anaimirira. "Wakufa sayankhula pabwalo. Mukufuna kutidzutsira mizimu pa tsiku loti tiigoneke? Chotsani chinthucho."

Amuna ena anavomereza. Nkhoswe wanga anayamba kupepesa m'malo mwanga. Ndiye Anti Joyisi anayankhula ali kumoto konko, ndi mawu ofatsa kwambiri.

"Musamukalipire, abale. Ndi mowa umenewo. Mwana uyu wavutika."

Ndinaona mitu ikugwedezeka. Ndinadziwa kuti zathera pomwepo. Ndikakweza mawu, ndiye kuti ndine chidakwa chogenda nyumba chija. Ndikakhala chete, ndiye kuti ndavomera.

Esinati anatsika pakhonde. Anadutsa pakati pa amuna, zomwe mtsikana sachita, n'kudzagwada patsogolo panga.

"Alamu, pumani."

Ndinapuma. Ananunkhiza ngati mayi wofufuza mwana wakuba shuga. Kenaka anatembenukira kwa anthu.

"Sanamwe."

Ndiye ndinamva mphasa ikukhwekhwereza. Apongozi anga anali akutembenuka. Anandiyang'ana kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Bambo a Tako, mmenemo muli mawu a mwana wanga?"

"Eya, amayi."

"Achimwene, khalani pansi," anauza a Jelemiya. "Ine ndinaika nthochi. Mwana wanga sindinamuone, sindinamusambitse, sindinamutseke maso. Yatsani."

Ndinayatsa uthenga womaliza. Mawu ake anali apansipansi, moti anthu anachita kusendera.

"Bambo a Tako, mwadzuka? Mwendo uja watupa mpaka m'bondo, ndikuchita kukwawa pokolopa. Ndawauza kuti ndipite kuchipatala, akuti anandigula, ndigwire ntchito. Ndawaimbira Anti, akuti ndisawachititse manyazi. Koma musawauze amayi, mtima wawo uja mukuudziwa. Ndikupirira monga mwanenera. Kodi nsapato za Tako zija zikumukwanabe? Mukaona kuti zikumuthina..."

Pamenepo pamamveka chitseko, ndi munthu akukalipa, n'kuduka.

Sipanakhale kukuwa. Apongozi anati, "Bwerezani." Ndinabwereza. Anati, "Alipo ena?" Ndinati alipo ambiri. Anati, "Onse." Tinakhala pabwalopo mpaka chakudya chinazizira, tikumvetsera Tiya akufotokoza yekha mmene anafera. Anthu anamvanso mayankho anga, poti ali momwemo. Anandimva ndikuti pirira. Sindinawadumphe.

Nthawi ina pakati pake Anti Joyisi anaika chipande pansi, anati akukaona mbuzi zake. Sanabwerenso.

A Jelemiya anangoti, "Ndinkafuna kuti mlongo wanga asavutike mtima."

Ndinafunsa Esinati kuti pasipoti yake ili kuti.

"Ili kwa Anti," anatero. "Anati andisungire ingatayike."

Sanapite. Sanandithokozenso. Pondiperekeza pamsewu anati, "Ndiye yunifolomu ya Tako mugula ndinu, alamu. Muone pomwe muitenge." Ndinati ndamva.

Anandisudzula tsiku lina. Koma zisanachitike, pa maliro otsatira m'mudzimo, a Jelemiya anapempha mpata kwa eni maliro, anaimirira pamaso pa mudzi wonse n'kunena kuti akukonza mawu amene ananena pa maliro a mwana wa mlongo wawo. Anafotokoza zenizeni. Kwa munthu wamkulu ngati iwo sizinali zapafupi, ndipo ndimawalemekeza.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Ndinagwanso kamodzi, tsiku lokumbukira ukwati wathu, ndipo Che Amidu anandinyamula pa wilibala. Chiyambire pamenepo sindinalawe. Ndimagwira ntchito pa sitolo ya mbewu, Loweruka ndimapita kukaona mwana. Nkhani tinakaitula kupolisi ndi ku ofesi ya zantchito, ine ndi apongozi, ndipo ikuyenda pang'onopang'ono. Anti Joyisi anasamuka, ndipo tikumva kuti kumene ali akuimbanso kwaya. Atsikana ena a mudzi woyandikana anapitabe. Njala siimva uthenga wa pa foni.

Pambuyo pake ndinadziwana ndi amayi amene anabwerako kumeneko ali moyo. Amalumikizana pa foni ndi anzawo a maiko ena, kufufuza atsikana otsekeredwa ndi kukakamiza akuluakulu kuti awabweze. Ndi iwo amene ananditsegula maso. Ine ukapolo ndinaulemba pa mayeso ngati mbiri yakale, ya maunyolo ndi zombo. Sindinadziwe kuti uli m'makhitchini, m'migodi, m'maboti a nsomba a maiko akutali. Ndipo musaloze Aluya okha. Tenanti wa pa esiteti ya fodya amene sangachoke chifukwa bwana akuti sanamalize kubweza chimanga chimene anadya, ameneyo ndi wa kuno. Kamnyamata koweta ng'ombe za eni kosaona sukulu kapena malipiro, n'ka kuno. Funso ndi limodzi kulikonse: munthuyo akafuna kuchoka, angachoke?

Tsono kwa inu amene muli ndi munthu kumeneko. Akakuuzani kuti akuzunzika, mukhulupirireni tsiku lomwelo. Musafufute uthenga uliwonse. Mufunseni dzina la bwana, dzina la tauni, nambala ya aliyense woyandikana naye, akadali ndi foni. Musabwerere kwa amene anamutumiza kukafunsa nzeru, poti ameneyo amadya pomwepo. Pitani kupolisi, pitani ku ofesi ya zantchito, bwerani kwa ine ndi amayi ndatchula aja, ndipo akakubwezani pitaninso. Mvula yathayi mayi wina wa ku Nathenje anabwera, wowonda, wopanda kalikonse m'manja, koma akuyenda yekha, chifukwa mwamuna wake sanatope kugogoda. Amene mukuganiza zopita, pasipoti yanu ikhale m'manja mwanu. Akangoti tikusungireni, mwayamba kale kugulidwa.

Eni mbumba muli muno, mukaimirira pa maliro nenani chimene chapha munthu, ngakhale wogula bokosi atakhala pomwepo. Atsikana amamvetsera.

Ndipo amuna anzanga, botolo lisiyeni. Tsiku lidzafika loti mawu anu aimitse munthu pa ulendo, ndipo adzayamba akununkhizani.

Mwezi watha ndinapita ndi Takondwa kukalambula pa manda. Anandifunsa kuti, "Adadi, amayi ali mmenemu?" Ndinaima ndi khasu m'manja. Zikanakhala zosavuta kunena kuti eya. Ndinamuuza kuti ayi, muli chitenje chawo chokha, amayi anagona kutali, ndipo akadzakula adzamva mawu awo. Anaganiza pang'ono n'kufunsa ngati amamutchula. Ndinati uthenga uliwonse.

Tikatseka msonkhano uno ndikhala pa benchi yakumbuyoyo. Amene muli ndi uthenga m'foni mwanu umene mukuopa kuumvanso, bwerani timvere limodzi. Koma ngati akutumizirani lero, tisanaonane, chonde musamuyankhe kuti pirira.